Kamera zing'onozing'ono pa maloboti: kodi zingapirire kuno ku Chigwa cha Shire?

Zuze (Ngabu): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za maloboti. Ndikufuna kupanga kangolo ka matayala anayi koyenda kokha m'mizere ya thonje, kokhala ndi kamera kutsogolo, kuti kaziona mbozi ndi nsabwe n'kumatumiza uthenga pafoni ya mwini munda. Mamota ndili nawo, ochotsa ku mawaipa a galimoto. Kamera zochotsa m'mafoni akufa zadzaza katoni pabenchi yanga. Kodi zimenezi zingagwire, kapena ndigule ina?

Ganizani (Dyeratu): Loboti ku Ngabu? Ndi dzuwa lanu lija isungunuka isanafike mzere wachiwiri 😂

Zuze (Ngabu): Iwe Ganizani takhala chete kaye, akulu ayankhe.

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Achimwene a Zuze, za kamera za m'mafonizo ndikukhumudwitsani pang'ono. Ndi kamera zabwino, zina zimaposa zimene ife timagula, koma vuto lili polumikiza. Zambiri zimalankhula ndi foni kudzera njira yotchedwa MIPI, koma kampani iliyonse imayala timiyendo ta pulagi mwakemwake, ndipo mapepala ofotokoza kayatsidwe ka sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera, sawatulutsa poyera. Mwezi utha mukusaka waya umodzi. Bola mutenge foni yathunthu yosweka sikirini koma yoyaka, chifukwa m'menemo muli kale kamera, kompyuta, batire ndi netiweki.

Mukafuna zogula, yotsika mtengo kwambiri ndi ESP32-CAM. Ndi kabolodi kochepera bokosi la machesi, kali ndi sensa ya OV2640 ya mamegapikseli 2 komanso WiFi, ndipo kunja sikafika madola 10. Koma ubongo wake ndi wochepa. Kangathe kujambula chithunzi n'kutumiza, kapena kuzindikira kuti china chasuntha, osati kusiyanitsa mbozi ndi kamtengo kouma loboti ili paulendo. Pamwamba pake pali kamera za Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono ka pabolodi imodzi. Yoyamba inatuluka mu 2013 ili ndi mamegapikseli 5, ya 2016 ili ndi 8, ndipo Camera Module 3 ya 2023 ili ndi 12, imadzikonzera yokha fokasi kuti chithunzi chioneke bwino, mtengo wake madola 25. Imeneyo imafuna Raspberry Pi kumbuyo kwake.

Koma musanagule chilichonse ndikufunseni: mbozi mukufuna kuionayo imakhala pati pa mtengo wa thonje?

Alangizi a Banda (Miseu Folo): Funso limeneli ndiyankhe ine, chifukwa ndi ntchito yanga. A Zuze, mbozi ya thonje sikhala pamtunda kudikira kuti ijambulidwe. Ikangokula pang'ono imaboola duwa kapena kachipatso ka thonje n'kulowa mkati. Mazira ake ndi tating'ono kwambiri, amakhala kunsonga kwa mbewu. Nsabwe zimaunjikana kunsi kwa tsamba. Ife tikamayendera munda timatembenuza masamba ndi dzanja, timatsegula maluwa. Kangolo kanu kakayang'ana kutsogolo kaziona mapesi ndi udzu basi.

Chachiwiri, inu ndinu a ku Ngabu, makande mukuwadziwa. Mvula ikagwa dothi lija limamata matayala mpaka njinga kuinyamula paphewa. Kukauma limang'ambika ming'alu yolowa phazi. Matayala a kangolo kanu adzakhala aakulu bwanji?

Zuze (Ngabu): Matayala ndimaganiza a wilibala. Kamera ndingaike pa kamkono koyang'ana m'mwamba, kuti izionera kunsi kwa masamba.

Aphunzitsi a Phiri (Nsanje boma): Mukatero mwaloza kamera kudzuwa, mwana wanga. Tsamba lidzaoneka lakuda bii, thambo loyera mbee, nsabwe osaoneka. Diso la munthu limadzisintha msanga pakati pa mthunzi ndi kuwala, ndipo ubongo umadzaza pomwe paperewera. Sensa yotchipa ilibe mphamvu imeneyo. M'munda kuwala kumasintha mtambo uliwonse ukadutsa, mphepo imagwedeza masamba, kangolo nako kakunjenjemera pa zibuma. Zonsezi zimagwera pa chithunzi chimodzi.

Ndimauza ana anga a Fomu 4 kuti kamera siona kanthu. Imangowerenga kuchuluka kwa kuwala kogwa pa timabokosi tating'onoting'ono tomwe timati mapikseli, n'kupereka manambala. Kuona kumachitika pambuyo pake, mu pulogalamu.

Mbuya Alufandika (Therere): Ana inu ndakhala ndikuwerenga. Ine thonje ndalima kuyambira nthawi yomwe tinkagulitsa ku ADMARC yokha. Mbozi sindinalepherepo kuiona. Chimene chimandilephera ndi ndalama ya mankhwala, ndi mtengo umene ogula amabwera nawo. Loboti ikandiuza kuti muli mbozi m'munda, indigulira botolo? Komanso mukaisiya m'munda usiku umodzi, mawa batire lake mukalipeza likuyatsa wailesi kumudzi wina.

Ganizani (Dyeratu): Mbuya anena zoona, batire limenelo ine ndingagule 🙈

Zuze (Ngabu): Mbuya, ndamva. Koma kunja zinthuzi zikugwira. Ndinaona kanema wa thirakitala yopopera mankhwala pa udzu wokhawokha, mbewu osaikhudza.

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Imeneyo ndi See & Spray ya kampani ya John Deere. Anagula kampani ya Blue River Technology mu 2017 pa madola 305 miliyoni kuti apeze luso limenelo. Pa mkono wopopera, womwe ndi wotalika mamita oposa 36, pali kamera 36, ndipo makompyuta ake amayenera kugamula nthawi yomweyo kuti ndi kampopi kati katsegulidwe. Koma taonani kusiyana kwake. Iwo akuyang'ana pansi, pa chinthu chobiriwira chomwe chili poyera, m'minda yosalazidwa, ya mizere yoongoka. Ndipo anajambula zithunzi zambirimbiri za udzu wa kwawo asanafike pamenepo. Inu mwasankha ntchito yovuta kuposa yawoyo, ndi ndalama ya pabenchi.

Sindikunena kuti musiye. Ndikunena kuti kamera ndi gawo losavuta pa zonsezi. Zovuta ndi kuwala, fumbi, kugwedezeka, ndi zithunzi zophunzitsira makinawo.

Mayi Joyce (Bangula): Pepani ndilowerere, ine za mawaya sindizidziwa. Ndimagula nandolo ndi chitowe kwa alimi n'kumakagulitsa ku Limbe. Vuto langa ndi kusankha. Thumba likapezeka ndi timiyala, njere zofumbwa kapena zakuda, amwenye aja amadula mtengo pomwepo, kukambirana palibe. Ndimalemba amayi kuti apete ndi kusankha pamanja, koma nyengo ikafika pachimake sitikwanitsa. Kamera yanuyo singandisankhire nandolo?

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Mayi Joyce, apa ndiye mwagunda penipeni. Ntchito imeneyi ndi imene kamera za makina zimaidziwa bwino, ndipo m'mafakitale a mpunga, khofi ndi mtedza makina otere alipo kalekale. Njere zimatsetsereka pa mpita kapena pa lamba, kamera imaziona zikudutsa, ikaona yoipa kampopi kamapemerera mpweya n'kuigwetsera kumbali. A Zuze, taonani ubwino wake: kamera sikuyenda, njere ndi zimene zikubwera kwa iyo. Mumaitsekera m'bokosi, dzuwa osalowa, mumaika mababu anu a LED, kumbuyo mumaika mtundu umodzi wosasintha. Chithunzi cha m'mawa chimafanana ndi cha madzulo. Makande palibe, akuba palibe chifukwa makinawo akugona m'nyumba.

Aphunzitsi a Phiri (Nsanje boma): Tiyeni tiwerengere limodzi, muone kuti mamegapikseli ambiri si ofunika. Titenge lamba wa masentimita 30 m'lifupi. Kamera ikhale ndi mapikseli pafupifupi 1,450 chopingasa. Ndiye kuti pikseli imodzi ikuimira gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Njere ya nandolo ya mamilimita 6 itenga mapikseli 30. Kabowo ka nankafumbwe ka milimita imodzi ndi theka katenga mapikseli 7 kapena 8. Zokwanira.

Pomwe pali msampha ndi pa liwiro. Lamba akamayenda theka la mita pa sekondi, ndipo kamera n'kutsegula diso kwa gawo limodzi mwa 100 a sekondi, njere ija yasuntha mamilimita 5 chithunzi chili mkati mojambulidwa. Mupeza mzere wachimbuuzi, osati njere. Chitowe ndiye chingosoweratu, poti njere yake ndi mamilimita atatu okha. Muyenera kutsegula kwa gawo limodzi mwa 2,000, kuti njere isunthe kotala ya milimita. Koma diso likatseguka kanthawi kochepa chonchi kuwala kolowa kumachepanso ka 20. Ndiye ndalama yanu ipite ku mababu owala kwambiri, osaphethira.

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Aphunzitsi afotokoza bwino kuposa mmene anatiphunzitsira ku koleji. Ndiwonjezere chimodzi. Kamera zambiri zotchipa, za m'mafoni zomwe, ndi za rolling shutter: zimawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi. Mukajambula mapiko a fani akuzungulira mumawaona atapindika, chifukwa pomwe mzere wapansi ukuwerengedwa phiko lasuntha kale. Pa chinthu chothamanga mumafuna global shutter, yomwe imatola chithunzi chonse nthawi imodzi. Raspberry Pi anatulutsa yotere mu 2023, sensa ya Sony IMX296, mamegapikseli 1.6 okha, madola 50, galasi lake logula padera. Manambala a aphunzitsi aja ndi a kamera imeneyo. Munthu wosadziwa akamva 1.6 aseka, n'kugula ya 12, kenako n'kumadabwa kuti njere zikuoneka zopendekeka.

Zuze (Ngabu): Eee, ine ndikanagula ya 12 ndithu. Nanga mpweya wopemerera uja?

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Kompuresa yaing'ono yopopera matayala ndi timavavu ta magetsi. Koma poyamba musapite kumeneko. Yambani ndi njere zoyenda mzere umodzi, ndi kachitseko kokankhidwa ndi mota yaing'ono. Zikhala zochedwa, mwina kuchedwa kuposa mayi wodziwa lichero, koma muphunzira mmene mungawerengere nthawi kuchokera pomwe kamera yaona njere kufika pomwe njereyo yafika pa kachitseko. Anthu ambiri amagwa pamenepo, osati pa kamera.

Chisomo (Makhanga): Ine ndifunse mbali ina. Amayi amene Mayi Joyce amawalemba aja, makinawa akagwira adzadya chiyani? Kuno anthu madzi anawatengera zonse mu 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Ganyu yosankha nandolo ndi imene ena akugulira ufa. Tikusangalala ndi loboti pomwe tikuchotsa nsima pakamwa pa mayi wamasiye.

Mayi Joyce (Bangula): Chisomo mwana wanga, usandione ngati wankhanza. Matumba amene timalephera kusankha ndimagulitsa motchipa, ndipo chaka chotsatira nanenso ndimagula motchipa kwa mlimi. Mlimiyo nthawi zina ndi mayi yemwe uja. Kupeta, kuyanika, kuthira m'matumba, kusoka, zonsezo zikhalabe za manja.

Chisomo (Makhanga): Lero mukutero. Makina akadzakhala awiri mudzanena zina.

Mbuya Alufandika (Therere): Chigayo chitabwera amayi anasiya kusinja, palibe anapita kukachiphwanya. Koma mwanayu ali ndi mfundo. Makinawo akhale a gulu la alimi, osati a munthu mmodzi wogula. Mlimi azisankha yekha asanagulitse, mtengo wabwino ugwere iye.

Mayi Joyce (Bangula): Mbuya mukufuna kundichotsa ntchito ine tsopano 😄

Limbani (Nchalo): Ndafika mochedwa, ndinali kumunda. Ndimauluza madroni, ndiye ndinenepo za kamera zoyenda, poti a Zuze mtima wawo uli pa chinthu choyenda. Anthu akaona droni amaganiza kuti ili ndi kamera imodzi, ija yojambula. Madroni ambiri ali ndi tina kunsi ndi m'mbali tomwe zithunzi zake munthu saziona n'komwe. Takunsito timayang'ana pansi, pulogalamu imagwira timadontho, mwala apa, tsinde apo, n'kumayeza mmene tasunthira pakati pa chithunzi ndi chinzake. Ndi mmene droni imaimira malo amodzi mphepo ikuikankha. Mausi ya kompyuta imagwira chimodzimodzi: kunsi kwake kuli kamera ya mapikseli ochepa kwambiri yojambula zithunzi zoposa 1,000 pa sekondi. Muiike pagalasi muone mmene imasokonekera.

Tsono pamadzi ndi pomwe zimavuta. Madzi osefukira akayala chigwa chonse, mtundu umodzi wa matope kuchokera ku Chiromo mpaka kumene diso lathera, kamera yakunsi ilibe choti igwire. Ikagwira, yagwira zinyalala zoyenda ndi madzi, droni n'kumaganiza kuti iyo ndi imene ikusuntha. Ukatsika pafupi ndi madzi imayamba kutsetsereka yokha. Mabuku a madroni amachenjeza zimenezi, koma ndani amawerenga.

Aphunzitsi a Phiri (Nsanje boma): A Limbani mwandikumbutsa Ingenuity, kahelikopita komwe NASA, bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga, inatumiza ku Mars. Kankalemera makilogalamu 1.8, kanauluka koyamba pa 19 Epulo 2021. Ubongo wake unali Snapdragon 801, ya m'mafoni omwe a Zuze amakonzawa, ndipo kamera yolondolera njira inali yakuda ndi yoyera, mapikseli 640 kwa 480 basi. Anakonza zoti kauluke kasanu, kanauluka ka 72. Chimene chinakathetsa mu Januwale 2024 ndi chomwe mwanenachi: kanafika pamalo a mchenga wokhawokha, opanda miyala yoti kamera igwire, kanalephera kudziwa liwiro lake, kanatera moipa mapiko n'kuthyoka. Akatswiri a NASA ndi ndalama zawo zonse anagonja ndi malo osalala.

Ganizani (Dyeratu): Ndiye Mars ndi kumchenga kwa Mwanza nthawi ya chilimwe basi 😂

Limbani (Nchalo): Za mbozi kuchokera m'mwamba ndinenenso, chifukwa alimi amandifunsa kawirikawiri. Droni ikakwera mamita 50, pikseli imodzi imaimira sentimita kapena kuposa. Mbozi simungaione. Chimene mumaona ndi pomwe nzimbe kapena chimanga chafooka, pomwe madzi sakufika, pomwe adikha. Kenako munthu amapita ndi miyendo kukaona chifukwa chake. Amene akufuna kuphunzira bwino, sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu Januwale 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo yunivesite ya MUST ku Thyolo imagwira nawo. Ndipo musamangouluza, chilolezo cha a zandege chimafunika.

Fatima (Nsanje, Tengani): Ine funso langa ndi la ng'ona ndi mvuu. Chaka chilichonse kuno timalira maliro. Sizingatheke kuika kamera yoona kutentha padooko, izilira ng'ona ikayandikira?

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Achemwali, kamera zotere zilipo zazing'ono, monga FLIR Lepton, yochepera ndalama yachitsulo, mapikseli 160 kwa 120. Pa mvuu yotuluka usiku kukadya chimanga kudimba ingathandize, chifukwa thupi lake ndi lofunda kuposa nthaka yozizira. Pa ng'ona ayi. Ng'ona ilibe kutentha kwakekwake, thupi lake limatsata madzi ndi mpweya, ndiye pachithunzi imasakanikira ndi pomwe ili. Komanso kamera imeneyi siona zomwe zili pansi pa madzi, imangoona pamwamba pake. Ng'ona yosaka imangotulutsa maso ndi mphuno. Ine sindingalole mwana wanga kutunga madzi podalira belu lotere. Likakhala chete anthu aziti palibe ng'ona, ndiye ngozi yakula. Mpanda wolimba padooko, kapena mjigo kumtunda, zimaposa kamera.

Ngakhale pa mvuu, mu Okutobala ndi Novembala kuno kukafika madigiri 40, nthaka imatentha kuposa thupi la nyama ndipo imachedwa kuzizira. Kusiyana kuja kumachepa. Chinanso, galasi wamba limatchinga kuwala kwa kutenthaku, ndiye simungaitsekere m'botolo kuti isanyowe. Zenera lake limakhala la germanium, lodula.

Alangizi a Banda (Miseu Folo): Ku Majete amagwiritsa ntchito kamera zomangirira pamitengo zodzijambulira zokha nyama ikadutsa. Chiyambireni bungwe la African Parks kusamala nkhalangoyi mu 2003 abwezamo zipembere, njovu, mikango, ndiye kuziwerenga n'kofunika. Koma nawonso zithunzi zambiri zimakhala za udzu wogwedezeka ndi mphepo, ndipo masiku ano ndi pulogalamu imene imathandiza kutaya zopanda kanthu. Kumeneko kamera ikalakwitsa munthu samwalira. Padooko ndi nkhani ina.

Fatima (Nsanje, Tengani): Ndamva. Zowawa koma zomveka.

Zuze (Ngabu): Achemwali a Esinati, mwatchula kawiri zithunzi zophunzitsira. Ine ndimaganiza kuti pulogalamu ndingokopera pa intaneti, ilipo kale yodziwa mbewu.

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Apa ndi pomwe ndimafuna tifike. Pali njira ziwiri. Yakale, yomwe mungachite ndi pulogalamu yaulere ya OpenCV, ndi kulemba malamulo nokha: njere ikakhala yakuda kupitirira apa itaye, ikakhala yaing'ono kuposa apa itaye. M'bokosi la kuwala kosasintha njira imeneyi imapita patali, ndipo Raspberry Pi imaikwanitsa popanda intaneti. Timiyala ndi njere zowola mungazigwire chonchi.

Njira yachiwiri ndi yophunzitsa. Mumaonetsa kompyuta zithunzi zambiri, chilichonse mutachilemba kuti ichi ndi chabwino, ichi ndi chofumbwa, ichi ndi mwala, mpaka iyo ipeze yokha chosiyanitsa. Mapulogalamu monga YOLO alipo aulere, koma amabwera atadziwa anthu, agalu, magalimoto, mabasi. Nandolo wa ku Bangula sanamuonepo. Ndipo nandolo wathu si wamtundu umodzi: wina woyera, wina wofiirira, wina wamawangamawanga. Mukaphunzitsa ndi woyera yekha, tsiku lomwe Mayi Joyce adzagule wamawanga makina adzataya thumba lonse ngati lowola. Zili ngati mlendo wa kumtunda amene nsomba amangodziwa chambo, mukamuonetsa mlamba akuti ndi njoka.

Zimenezi zinawagwera ofufuza enieni. Pali zithunzi zotchuka za masamba odwala zomwe zinajambulidwa tsamba lililonse litaikidwa pamalo osalala a mtundu umodzi. Makompyuta ankakhoza pafupifupi zonse, koma atawayesa ndi zithunzi za m'munda weniweni anagwa kwambiri. Ndiye ofufuza a PlantVillage popanga Nuru, pulogalamu ya pafoni yoona matenda a chinangwa ndi kuwononga kwa mbozi pa chimanga, anachita kupita m'minda ya ku Africa kuno kukajambula ndi akatswiri a mbewu. Kamera mungaitanitse ku China. Zithunzi za nandolo wa ku Chigwa, zolembedwa ndi munthu wodziwa nandolo, palibe sitolo yogulitsa.

Alangizi a Banda (Miseu Folo): Nuru ndinaigwiritsapo, imagwira popanda netiweki. Ntchemberezandonda zitavuta mpaka boma kulengeza za ngozi mu Disembala 2017, tinkaika misampha ya fungo yokopa agulugufe ake, munthu n'kumayenda kukawerenga. A Zuze, ngati mtima wanu uli pa tizilombo, ikani ESP32-CAM ija mkati mwa msampha wotere ndi kasola pamwamba. Izijambula kamodzi m'mawa n'kutumiza. Agulugufe akachuluka tidziwa kuti mazira ali panjira. Sichiyenda, koma ine chingandipulumutse mafuta a njinga yamoto.

Mayi Joyce (Bangula): Nanga wolemba zithunzi za nandoloyo ndani? Ine maso anayamba kufooka.

Chisomo (Makhanga): Amayi omwe aja. Ndi iwo amadziwa njere yofumbwa asanaitembenuze n'komwe. Koma alipidwe, osati kuwatenga nzeru zaulere kenako n'kuwauza kuti ntchito yatha.

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Apo ndikugwirizana ndi Chisomo kotheratu. Ndipo njira yake ndi yophweka: iwo asankhe pamanja m'mabeseni osiyana, zabwino, zofumbwa, zowola, miyala. A Zuze azithira beseni limodzi pa lamba n'kujambula, zithunzi zonse za beseni limenelo zatenga dzina limodzi. Palibe wokhala pa kompyuta kulemba njere imodziimodzi.

Aphunzitsi a Phiri (Nsanje boma): Za Ganizani zija zoti loboti isungunuka musaziseke kwambiri, kutentha ndi nkhani yeniyeni. Raspberry Pi ikafika madigiri 80 mkati imayamba kudzichepetsa liwiro kuti isapse. M'nyumba ya malata ku Ngabu masana, bokosi lotseka, mababu akuyaka mkati, mufika pamenepo msanga. Liwiro likatsika zithunzi zimachedwa, kachitseko kamamenya njere yolakwika. Kompyutayo ikhale kunja kwa bokosi la mababu, ndi kafani. Sensa nayo ikatentha chithunzi chimachita timadontho.

Limbani (Nchalo): Ndi fumbi. Nandolo ali ndi fumbi lake, chitowe chili ndi mafuta. Pakapita kanthawi galasi lachita chifunga, pulogalamu n'kuyamba kuona njere zonse ngati zotuwa. Ikani kagalasi kena kotchipa kutsogolo koti muzipukuta, galasi la kamera lenilenilo musalikhudze. Kamera zapanja adani ake ndi akangaude, amakonda kuluka patsogolo penipeni chifukwa kuwala kumakopa tizilombo, ndi nyerere zomanga m'bokosi. Pogula samalaninso. Ine wogulitsa wina wa pa intaneti ananditumizira kamera yolembedwa kuti silowa madzi, mame okha anailowa.

Ganizani (Dyeratu): Funso lozama tsopano. Kamera yochepetsetsa padziko ndi yaikulu bwanji? Ndikufuna ndiike pa kabaza, makasitomala othawa osalipira andikwana.

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): 😂 Pali sensa ya kampani ya OmniVision, OV6948, yomwe mbali iliyonse sifika milimita imodzi, inalowa m'buku la Guinness. Ndi ya madokotala, yolowetsa m'thupi pa kachingwe. Palinso kamera ya m'kapisozi yomeza, yojambula m'matumbo, inavomerezedwa ku America mu 2001. Koma iwe Ganizani, kujambula anthu mobisa n'kumawaika pa Facebook kudzakugwetsa m'mavuto. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu linakhazikitsidwa mu 2024. Uziwalipiritsa asanakwere.

Bambo Thom (Chapananga): Ine ndimakonza mijigo. Ndili ndi kakamera ka pachingwe kolumikiza kufoni, ndimakatsitsa m'chitsime kuona ngati paipi yang'ambika kapena ndodo yagwera pansi. Kale tinkangopenekera ndi mbedza. Kameneka nako ndi loboti?

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Ayi bambo, pamenepo woona ndi inu, kamera yangotalikitsa diso lanu. Zikanakhala za makina zikanakhala kuti kachipangizoko kakutsika kokha, kaona mng'alu, kaima n'kulemba kuya kwake. Maloboti otere alipo oyenda m'mapaipi a m'mizinda. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ikadzatha, ndi malo ake odutsa pansi pa mitsinje, ntchito yotere idzafunika, poti simungatumemo munthu. Koma zithunzi zanu za m'mijigo muzisunga, mulembe tsiku, malo ndi chomwe munapeza.

Bambo Thom (Chapananga): Ndimafufuta foni ikadzaza. Ndigula memore khadi.

Zuze (Ngabu): Chabwino. Kangolo ndakaimika kaye, osati kukataya. Ndiyamba ndi bokosi la nandolo. Mota ya waipa iyendetse lamba, lamba ndidula ku chubu cha galimoto. Kamera ya madola 50 ija pakadali pano sindingaikwanitse, ndalama zakunja nazonso mukudziwa mmene zikuvutira, ndiye ndiyamba ndi webukamu ya USB, lamba aziyenda pang'onopang'ono.

Esinati (Blantyre, kwathu Bangula): Webukamu ili bwino poyambira, bola ikhale yolola kuzimitsa zodzisinthira zokha. Kuwala, mtundu ndi fokasi zonse muzikhome pamalo amodzi, apo ayi chithunzi chizisintha njere yakuda ikangodutsa. Chubu chakuda chokha ayi, njere zowola ndi miyala yakuda zidzabisala. Pezani nsalu kapena pulasitiki ya buluu yosanyezimira, chifukwa palibe njere ya buluu.

Mayi Joyce (Bangula): Loweruka ndikutumiza mabeseni anayi pa minibasi, ndikupatsani nambala ya kondakitala kumbali. Amayi ndiwalipira tsiku limenelo ngati ganyu wamba, Chisomo wamva. Wamawanga ndilibe pakadali pano.

Mbuya Alufandika (Therere): Wamawanga ndili naye ine, wa mbewu. Ndikupatsani mbale imodzi, koma mubweze, musakaphike.

Zuze (Ngabu): Takhuta Mbuya. Aphunzitsi, mababu a LED a 12 volts aja a m'mizere, oyera kwambiri kapena achikasu?

Aphunzitsi a Phiri (Nsanje boma): Oyera, ndipo onse akhale a paketi imodzi. Muwayatse ndi batire, osati chaja yapakhoma, kuti asaphethire. Kutsogolo kwake mutchinge ndi pepala loyera lopyapyala kuti kuwala kumwazike, njere zisanyezimire.